Mphete Yosavuka ya Bwana Pulani

Pulani yonse inaphikidwa pa tebulo la pakona m'bala mwanga, lija la mwendo umodzi waufupi limene ndimalichirikiza ndi katoni. Ndinali pomwepo ndikupukuta matambula, choncho musandifunse kuti ndinamva kwa yani. Zimene sindinaone ndi maso anga ndinazimva kukhoti, ndipo zotsalazo anandiuza Wayilesi, munthu woti ngakhale mutam'tseka pakamwa angayankhulire m'makutu.

Mkulu wa gululo anali alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga. Anzawo amawatchula Bwana Pulani chifukwa chibadwire sanasowepo pulani, ndipo mwa zonsezo palibe ngakhale imodzi imene inafika kumapeto. Anaweta nkhuku, zinafa. Anatsegula malo otsukirapo galimoto mbali yopanda mpopi. Mng'ono wangayo, mkazi wa manja ake, telala wosoka mpaka msana kuwawa, zonsezi anazipirira. Chimene chinamutopetsa si umphawi ayi. Inali mphete.

Alamuwa anali ndi kachizolowezi. Akafika pakhomo pa bala ina iliyonse kupatula yanga, mphete yaukwati ankaivula n'kuiponya m'thumba, chala n'kubwerera ku unyamata. Pobwerera kunyumba ankaivalanso pageti. Tsiku lina thumba linabooka.

Mng'ono wanga sanalalate. Ananyamula makina ake osokera n'kudzakhala kachipinda ka kuseri kwa bala yanga. Mawu amene anasiya anali ochepa: "Ndidzabwerera tsiku limene ndidzaone mphete pa chala chanucho, itakhazikika."

Ndisaname, alamuwo anasauka nazo. Anaonda mpaka lamba kusowa bowo. Madzulo alionse ankadzakhala pakona paja, nkhope italoza ku chitseko cha kuseri, n'kumamvetsera kulira kwa makina. Makinawo akasiya, iwo ankawongola kolala, kuganiza kuti mwina atuluka. Sankatuluka. Ine alamuwa amandinyansa, koma pamenepo ndinkawamvera chisoni, pang'ono pokha.

Ndiye tsiku limenelo anali ndi akuluakulu a boma lawo awiri. Woyamba Sipanala, makaniko amene galimoto ikalowa kwa iye ndi matenda amodzi imatuluka ndi atatu. Wachiwiri Wayilesi ndam'tchula uja, wopenta nyumba, amene anali atangomaliza kupaka khoma la kafakitale ka zitsulo kali kumapeto kwa msewu wathu.

"Aise, ndaona ndi maso angawa," anatero Wayilesi akuwerama pa tebulo. "Muli chimphika chachitsulo chachikulu ngati thanki, chili ndi kawindo kagalasi. Mkati mumayaka moto wapepo, wopanda utsi, wopanda nkhuni. Amalowetsamo timphete toyera ngati masupuni. Potuluka timakhala tachikasu. Golide, madala!"

"Chitsulo sichisanduka golide," anatero Sipanala. "Ine ndine munthu wa zitsulo."

"Iwe ndiwe munthu wopha magalimoto. Ndinamva injiniya wa pamenepo, munthu wamayi, akuyankhula pafoni. Akuti timphete timeneti ndi ta m'makina a nyukiliya. Rediyeshoni ikafika pamenepo imagwada. Akunja akutidikira ndi manja awiri."

Bwana Pulani anatsitsa botolo pang'onopang'ono. Ndinaona maso awo akuwala, ndipo ndinadziwiratu kuti tsoka lavala nsapato.

"Chinthu chogonjetsa rediyeshoni," anatero, "ndi choposa golide. Golide amangonyezimira basi. Anyamata, dilu ndi imeneyi. Zambirizo tigulitsa. Imodzi ndi ya pa chala ichi." Anakweza chala chija m'mwamba n'kuyankhula mokweza kuti kuseri kumveke.

Makina osokera sanasiye n'komwe kulira.

"Tilowa usiku?" anafunsa Sipanala.

"Usiku amaba ndi anthu osaphunzira. Usiku mlonda amakhala maso, agalu amakhala maso. Madolo amaba masana, nthawi ya chakudya, aliyense akuganiza za mimba yake. Wayilesi, pamenepo pamalowa ndani osafunsidwa?"

"Anthu a gasi. Amabweretsa mabotolo odzadza n'kutenga opanda kanthu."

"Basi. Mawa ndife anthu a gasi."

Ine ndinalephera kupirira. "Alamu, mphete yaukwati amagula kusitolo."

"Alamu," anayankha osanditembenukira, "inu tsanulirani mowa. Za chitsulo tisiyireni amuna."

Ndinawasiyira. Pa tebulo limenelo pagwetsedwapo maboma, pagulidwapo ndege, ndipo kukacha onse amadzuka ndi mutu wowawa okhaokha. Ndinkayesa kuti iyinso ithera m'botolo. M'mawa mwake nditalowa kukhitchini kuti nditereke madzi, ndinapeza botolo langa la gasi wophikira palibe.

Anafika pageti la fakitale dzuwa lili paliwombo, atavala maovolosi obwereka, ali pa kapikiapu kamene mwini wake anakasiya kwa Sipanala kuti akakonze. Kanali kolira mochita kukankha. Kumbuyo kunali botolo langa lija, lili lokha ngati mwana wamasiye, dzina la bala yanga litalembedwa pamimba ndi penti yofiira. Analemba ndi Wayilesi yemweyo chaka chatha, ndipo palibe anakumbukira.

Bwana Pulani anali atakonzekera bodza lalitali. Mlonda sanawapatse mpata.

"A gasi? Mwachedwatu, abale inu! Amayi akhala akukalipa kuyambira dzana. Lowani, lowani."

Anawatsogolera kuseri, kumene kunali mabotolo a gasi wa pafakitale ataima mondondozana, omangidwa ndi unyolo kukhoma. Si timabotolo ta kukhitchini ayi. Lililonse linali lalitali ngati munthu, lolemera ngati munthu wakufa.

"Onsewa ndi opanda kanthu, apite," anatero mlonda. Kenako anasuzumira m'galimoto. "Nanga odzadza ali kuti? Aka n'kachiyani?"

"Sampulo," anatero Bwana Pulani. "Amayi akakayesa n'kukakonda, aakulu abwera."

Mlonda anakanda m'mutu, koma poti zinthu za masiku ano zimasintha, anakatsitsa n'kukaika pamthunzi. Kenako anakoka mpando, anatsegula chakudya chake, n'kuyamba kuyang'anira ntchito.

Abale, mbava zija zinagwira ntchito. Chibadwire Sipanala ndi Wayilesi sanatulutsepo thukuta ngati tsiku limenelo. Ankagubuduza botolo, kulikweza, kubwerera, mlonda akuwalangiza uku akutafuna: "Pindani mawondo, achimwene, msana ndi umodzi." Botolo lina linamuponda Wayilesi chala cha kuphazi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasowa mawu.

Pamenepo n'kuti Bwana Pulani atapempha njira ya kuchimbudzi n'kukhotera kwina. Chipinda chija anachipeza chosakhoma, anthu onse atapita kukadya. Chimphika chija chinali pakati, mapaipi atachizungulira, chikung'ung'uza chokha. Anasuzumira pa kawindo n'kuona kuwala kwapepo kutakuta timphete tolenjekeka pa mawaya, ndipo akuti anavula chipewa. Pa tebulo pambali panali thireyi la zotuluka kale, iliyonse m'kachipinda kake, zokhuthala, zolemera bwino m'manja, zachikasu pang'ono.

Anazikhuthulira m'kathumba. Akanatuluka pomwepo, mwina bwenzi nkhani ino ili ina. Koma anatola imodzi n'kuiyang'ana pa kuwala, ndipo mtima unathamangira kwa mkazi wawo. Anati angoyesa. Manja anali a girisi wa kapikiapu kaja, choncho inatsetsereka bwinobwino mpaka pa mfundo ya chala, n'kuima. Panja panamveka nsapato za mlonda. "A gasi! Mwagweramo?" Bwana Pulani analuma mano n'kukankha ndi mphamvu zawo zonse. Inalowa.

Potuluka, kapikiapu kanakana kulira. Kanali katalemedwa mpaka matayala kuphwatalala. Ogwira ntchito anali akubwera kuchokera kokadya, ndipo poona anthu a gasi akuvutika, anavula majekete n'kuthandiza kukankha. Amayi a injiniya eniake, mayi wamfupi wa magalasi, anagwira geti kuti mbava zawo zidutse bwino. Anawabayibitsanso.

Galimotoyo inayenda mpaka pa kamtunda ka pafupi ndi sitolo ya matayala, inatsokomola kawiri, n'kumwalira. Anaisiya pomwepo ndi mabotolo ake onse. Sipanala ndi Wayilesi anavula maovolosi, anagawana timphete tija, aliyense kuthira m'matumba a thalauza, onse atatu n'kubwera wapansi.

Analowa m'bala mwanga ngati asilikali ochokera kunkhondo. Ine ndinayamba ndi zanga.

"Botolo langa la gasi lili kuti?"

"Alamu, mawa ndikugulirani fakitale ya gasi," anatero Bwana Pulani. Anapita pa chitseko cha kuseri n'kugogoda ndi mphete yeniyeniyo, ngo ngo ngo. Makina anasiya kulira. Mng'ono wanga anatsegula, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mayi," anatero alamu, dzanja atalitambasula. "Munati mphete. Nayi."

Iye anayang'ana nthawi yaitali. Ndimamudziwa mwana wa mayi anga, ndinaona kuti mtima wafewa, ndipo ndinachita mantha kuti apusitsidwanso.

"Yakula bwanji ngati ya pa mpopi?" anafunsa. "Tavulani ndiione."

Bwana Pulani anamwetulira n'kukoka. Anapotoza. Anakokanso, kumwetulira kuja kukuuma pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero mng'ono wanga, "ndi liti mphete inakuvutanipo kuvula?"

Tinayamba ndi sopo. Tinabwera ndi mafuta ophikira. Mng'ono wanga anatenga ulusi wake wolimba n'kukulunga chala mmene amachitira anthu, koma ulusi unaduka. Kukoka konseko kunangokwiyitsa chala. Chinatupa, chinafiira, mphete n'kumira m'mnofu.

"Tapatukani," anatero Sipanala akutsegula bokosi lake. "Izi ndi za ife a zitsulo."

Anagoneka dzanja la alamu pa tebulo la pakona lija n'kutulutsa sowo yodulira zitsulo. Anacheka. Sowo inangoterereka ngati ikuyenda pa galasi. Anakanikiza, inaterereka n'kukadya khungu la chala, alamu n'kukuwa. Titayang'ana, mano a sowo anali atatha, yasalala ngati nkhama za khanda. Pa mphete panalibe ndi kamzere komwe.

"Sowo zake za masiku ano," anatero Sipanala. Anatenga tupa. Tupa analira, anaterereka, nayenso n'kukapala chala mbali inayo.

"Mwaona?" anatero Bwana Pulani misozi ili m'maso. "Ndinakuuzani kuti ndi katundu wapamwamba."

Tinapita nawo kwa wowotcherera mageti wa pafupi nafe. Iye anayatsa chopukusira chake n'kungokhudzitsa pang'ono. Zinathetheka moto, mphete inatentha yonse kuzungulira, ndipo alamu analumpha n'kugwetsa geti la eni ake limene linali litatsamira khoma. Wowotchererayo anazimitsa makina. "Mayi, ine ndimadula zitsulo. Nyama amadula kubutchala. Pitani naye kuchipatala."

Titabwerera m'bala, chala chinali chitasanduka chapepo. Wayilesi anachiyang'ana, anayang'ana kudenga, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Aise," ananong'ona. "Mtundu umenewu ndauonapo. Ndi wa moto wa m'chimphika muja."

Anabwereranso m'mbuyo n'kupitiriza.

"Ndi rediyeshoni. Yalowa. Imayamba chala, kenako tsitsi limathothoka, kenako mano. Ndipo ndinamva kuti ikakhala pafupi ndi thalauza, munthu kubereka ndiye waiwala."

Sipanala anayang'ana matumba ake otupa ndi timphete, mbali zonse ziwiri. Anali atangotomera kumene. Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga atatang'adza miyendo ngati mmene anathamangira makaniko ameneyo, Wayilesi akutsimphina pambuyo pake, onse akukuwa kuti anthu apatuke.

Bwana Pulani anakhala pansi. Ushasha wonse unali utatha. "Mayi," anatero, "ndikafa, mudzanene kuti ndinafa nditavala."

"Khalani chete," anatero mng'ono wanga, akumanga dzanjalo ndi kansalu konyowa. "Achemwali, itanani galimoto."

Kuchipatala tinawapeza anzawo aja atafika kale. Anali pa benchi la m'khonde atavala makabudula amkati okha, mathalauza ali pakona ngati zinthu zolodzedwa, timphete titamwazika pansi. Odwala ena onse anali ataunjikana kutali. Namwino, mayi wamkulu wa nkhope yosadabwa ndi kanthu, anatiuza kuti anyamatawo anafotokoza zonse asanafunsidwe: fakitale yake, nthawi yake, maovolosi anabwereka kwa yani, galimoto anaisiya pati. Wayilesi anawonjezeranso za mbuzi ina ya chaka chatha, poganiza kuti munthu akamafa ayenera kuyeretsa mtima.

"Ndawaimbira eni ake kuti andiuze ngati zili zoopsa," anatero namwino. "Akubwera. Tabweretsani chalacho."

Anatulutsa kachida kawo kodulira mphete, kamene akuti kadulapo mphete za maukwati ambiri. Anapukusa, anapukusa, kagudumu kake n'kuthothoka mano. Anavula magalasi n'kuwayang'ana alamu. "Bambo, chala ichi chikafika mawa chili chonchi, tidzadula ndi chalacho. Chimenecho ndiye zida zake tili nazo."

Posakhalitsa amayi a injiniya analowa, wapolisi ali pambuyo pawo. Sanayang'ane munthu. Anagwada pansi n'kuyamba kutola timphete tawo ndi manja osavala kanthu, kupukuta kalikonse ndi mpango ngati akupukuta mwana kumaso.

"Mayi, musagwire!" anakuwa Wayilesi. "Rediyeshoni!"

"Yachokera kuti?" anafunsa mayiwo. Anaimirira, ndipo ndinaona kuti maso awo ndi ofiira. "Miyezi yonse imene ndakhala pa ntchito imeneyi, lero ndimati yapita ndi anthu amene ndawatsegulira geti ndekha. Tamverani, abambo inu. Ichi ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chonga cha masupuni a kunyumba kwanu. Vuto lake, pamwamba pake ndi pofewa, pamakalika msanga. Ndiye timachiika m'ng'anjo muja, timachotsamo mpweya wonse, timalowetsamo gasi wa nayitirojeni n'kuyatsa magetsi. Kuwala kwapepo mumakuonako ndi gasiyo. Amalowa m'khungu la chitsulo, pang'ono pokha, osafika ndi kukhuthala kwa tsitsi, koma khungulo limalimba kuposa sowo. Tikufuna tione ngati khungu lotere lingapirire cheza cha m'makina a nyukiliya, chimene chimafooketsa zitsulo zina. Kokayesedwa ndi chezako sizinapite. Zimayenera kunyamuka sabata yamawa."

"Ndiye mulibe rediyeshoni?" anafunsa Sipanala.

"Mulibe."

"Ana ndidzabereka?"

"Zimenezo si za dipatimenti yanga."

"Nanga golide?" anafunsa Bwana Pulani ndi mawu a munthu wodwala.

"Mukanapita nazo kwa ogula zitsulo zakutha, akanakupatsani ya fanta." Mayiwo anayang'ana m'mpango mwawo. "Imodzi ikusowa."

Alamu anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Amayi a injiniya anagwira dzanjalo n'kuliyandikitsa ku magalasi. Za chala sanafunse. Anatembenuza mphete ku kuwala. "Mwaiyesa ndi chiyani?"

"Sowo," anatero Sipanala. "Yatsopano."

"Ndi tupa," ndinawonjezera ine. "Ndi chopukusira cha mageti pang'ono. Ndi ka a namwinoka."

"Sowo ndi tupa osasiya ndi mzere womwe?" Nkhope ya mayiyo inawala ngati wauzidwa kuti mwana wake wakhoza mayeso. Anatulutsa foni n'kujambula mbali zonse. "Bwana wapolisi, taonani! Iyi ndi ya ng'anjo ya Lachiwiri, imene ndinkaikayikira!"

"Mayi," anatero mng'ono wanga mwaulemu, "mkati mwakemo muli mwamuna wanga."

Choncho mbava zinabwerera kumene zinaba, pa galimoto ya polisi, namwino ali nafe. Mlonda uja anatsegula geti, anawayang'ana, n'kufunsa ngati abweretsa odzadza aja. Botolo langa linali pamthunzi pomwe analisiya. Wapolisi anawerenga dzina la pamimba pake mokweza n'kundiyang'ana. Ndinamuuza kuti alembe kuti oberedwa tsiku limenelo tinali awiri, ine ndi amayi a injiniya, ndipo woyamba ndinali ine.

M'kachipinda kena munali kamakina kakang'ono kokhala ndi gudumu lopyapyala, la fumbi la dayamondi m'mphepete, loyenda pang'onopang'ono madzi akudonthera pamwamba kuti pasatenthe. Namwino analowetsa kachitsulo kopyapyala pansi pa mphete kuti atchinjirize mnofu.

"Imeneyi timayenera kuidula ndithu kuti tione khungu lake," anatero amayi a injiniya akukonza makina. "Kungoti masiku onse timadula mulibe munthu. Musagwedezeke."

"Dikirani," anatero Bwana Pulani.

Anatembenukira kwa mkazi wawo. Munthu anali atatuwa, ovolosi yang'ambika, wapolisi waima kumbuyo kwake, koma anakwezabe chala chija, chotupa ngati soseji yopserera.

"Mayi, munati mukaona mphete itakhazikika. Yakhazikika iyi. Sowo yalephera. Akaidula ndiye kuti ndilibenso kanthu. Ngati n'kotheka aisiye, chala chipite, bola inu mubwerere."

Ine ndinafuna kuseka, koma ndinalephera. Chitsirucho chinkanena zoona.

Mng'ono wanga anapukuta m'maso ndi nsonga ya tepi yake yoyezera, imene inali idakali m'khosi. Anagwira mkono wa mwamuna wake ndi manja onse awiri n'kuupanikiza pa tebulo. "Chala chikapita mudzavala pati, opusa inu? Mayi, dulani."

Kamakina kanalira nthawi yaitali, madzi akudontha. Anadula mbali imodzi, anatembenuza dzanja, anadula inayo. Mphete inagwa mapisi awiri m'kambale. Amayi a injiniya anaitola msangamsanga, namwino n'kutola chala.

"Kunyumba ndibwerera lero lomwe," anatero mng'ono wanga.

Nkhope ya alamu inawala. "Zoona, mayi?"

"Zoona. Poti inu simukhalako."

Wapolisi anafuna kuwamanga unyolo, koma poona dzanjalo anangowagwira pa kolala.

Kukhoti nkhani sinatalike, chifukwa Wayilesi anafotokoza bwino kuposa woimira boma. Mwini kapikiapu anabwera kudzaonera, a kampani ya gasi enieni anabweranso kudzathokoza chifukwa chowasenzera mabotolo theka la njira. Atatuwo anakakhala kundende miyezi ingapo. Timphete tija tinanyamuka pa sabata yake, kupatula imodzi, imene amayi a injiniya akuti amaionetsa alendo pamodzi ndi chithunzi cha chala cha alamu anga.

Chalacho chinapola, koma sichinabwerere mwakale. Pamene panapsa ndi chopukusira, pamene panadya sowo ndi tupa, panatsala chipsera chakuda chozungulira chala chonse, chooneka ngakhale uli kutsidya kwa msewu. Atatuluka, alamu anachiyesa sopo, anachiyesa mwala, anachiyesa mafuta a mtundu uliwonse. Ndimamva kuti akalowa m'mabala ena amaika dzanja m'thumba, koma botolo silinyamulidwa ndi chigongono.

Mng'ono wanga anawalandira. Ine zinandipweteka, ndipo tsiku lina ndinapita kwawo kukamuuza maganizo anga. Ndinamupeza pa makina, alamu ali panja akufotokozera anthu pulani yoweta nsomba m'mabafa akale.

"Iwe," ndinatero, "unalumbira kuti popanda mphete subwerera. Wagonja?"

Sanasiye kupalasa makina. Anangoloza panja ndi mlomo, kumene mwamuna wake ankatambasula manja pofotokoza kukula kwa nsomba, chipsera chija chikuonekera.

"Achemwali," anatero, "yoyamba ija ndinawaveka ndine, anaitaya. Iyi anadziveka okha. Akaivule tione."